Mutu 18: Kuitana Alendo Odzaona Dziko Lathu

Pamudzi pakafika mlendo, aliyense amadziwa chochita. Ana amathamanga kukamulandira katundu. Amayi amamuyalira mphasa ndi kumupatsa madzi akumwa, ndipo abambo amakhala naye pansi kuti amve za kumene akuchokera. Madzulo nkhuku imagwidwa. Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ponena mawu amenewa ankatanthauza kuti mlendo sakhalitsa, choncho ayenera kusamalidwa bwino pa masiku owerengeka amene ali pakati pathu.

Dziko nalonso limalandira alendo monga momwe mudzi umachitira. Chaka ndi chaka anthu ochokera kunja amalowa m'Malawi. Ena amadzachita malonda, ena amadzacheza ndi abale awo, ndipo ena amadzakhala nawo pamisonkhano. Palinso ena amene amabwera kudzangoona dziko: nyanja, mapiri, nyama zakutchire ndi magule athu. M'chaka cha 2018 alendo onsewa pamodzi adapitirira 800,000, ndipo ambiri a iwo adachokera m'mayiko a muno mu Africa. Ntchito yoitana ndi kusamala alendo otere imatchedwa ntchito yokopa alendo.

M'phunziro lino tiona chifukwa chimene boma limafunira alendo, njira zimene limatsata powaitana, ndiponso zimene ziyenera kuchitika kuti mlendo akafika apeze zomwe adamulonjeza.

Chifukwa chiyani boma limafuna alendo?

Pali zinthu zambiri zimene timagwiritsa ntchito koma sizipangidwa m'dziko muno. Zina mwa izo ndi mafuta a galimoto, feteleza, makina ndi mankhwala ambiri a m'zipatala. Eni ake a zinthu zimenezi salandira kwacha ayi. Iwo amafuna ndalama zakunja monga madola. Kwa zaka zambiri dziko lathu lakhala likupeza ndalama zakunja pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Koma mbewu zimadalira mvula, ndipo mitengo yake imakwera ndi kutsika. Komanso anthu ambiri m'mayiko ena akuleka kusuta fodya poopa matenda. N'chifukwa chake boma limafunafuna njira zina zopezera ndalama zakunja, ndipo imodzi mwa njirazo ndi kukopa alendo.

Malonda amenewa ali ndi ubwino wake wodabwitsa. Mlimi akagulitsa belo la fodya, belolo limapita ndipo salionanso. Koma mlendo akalipira ndalama kuti aone nyanja, nyanjayo imatsala pomwepo, ndipo mawa mlendo wina adzalipiranso kuti aione. Njovu ikaphedwa, nyama yake imatha pa masiku ochepa. Njovu yamoyo ingathe kukhala zaka 60, ndipo pa zaka zonsezo anthu amalipira kuti aione.

Tiyeni tilondole ndalama ya mlendo mmodzi amene wagona pahotela ya m'mphepete mwa nyanja. Mwini hotela akalandira ndalamayo amalipira ophika, ochapa, osesa ndi alonda. Amagula chambo kwa msodzi, mpunga ndi matimati kwa mlimi, ndiponso mazira kwa mayi woweta nkhuku. Mlendo uja akatuluka panja amakwera bwato, amagula chiboliboli kwa wosema ndi dengu kwa woluka. Anthu onsewa amagulira ana awo makope, sopo ndi zovala. Boma nalo limalandirapo msonkho umene limamangira sukulu ndi zipatala. Motero ndalama ya munthu mmodzi imalowa m'nyumba zambiri.

Pozindikira zimenezi, boma lidaika ntchito yokopa alendo m'masomphenya a chitukuko otchedwa Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021. Boma limene lidalamula kuyambira mu 2020 mpaka mu 2025 lidatchula ulimi, zokopa alendo ndi migodi kuti ndiyo mizati itatu yokwezera chuma cha dziko.

Kodi tili ndi chiyani choti alendo aone?

Choyamba ndi Nyanja ya Malawi. Nyanjayi ndi yachitatu kukula kwake mu Africa, kutsatira Victoria ndi Tanganyika. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo pamalo ozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Alendo amakonda kwambiri tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna, timene timakhala m'miyala. Pofuna kuteteza nsombazi, mu 1980 boma lidapatula dera la Cape Maclear ku Mangochi kuti likhale malo otetezedwa. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidalemba malowa m'kaundula wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

Chachiwiri ndi mapiri. Phiri la Mulanje lili ndi nsonga yotchedwa Sapitwa, yotalika mamita 3,002. Paphiri la Zomba munthu amaona Nyanja ya Chilwa ndi chigwa cha Shire chapatali. Kumpoto kuli mapiri a Nyika, kumene mbidzi ndi ntchefu zimadya msipu pamtetete wozizira.

Chachitatu ndi nkhalango zosungirako nyama. Ya Nyika ndiyo yaikulu koposa, ndipo idakhazikitsidwa mu 1965. Ya Kasungu ndi ya Lengwe zidatsatira mu 1970, ndipo ya Liwonde mu 1973. Palinso nkhalango za Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi.

Chachinayi ndi mbiri ndi chikhalidwe chathu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zimene anthu akale adajambula pamiyala. Malowa adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Pachilumba cha Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene adayamba kumanga mu 1903. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene muli mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus. Ku Mua kuli malo a Kungoni, kumene mlendo amaphunzira za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa ndi magule amene mbiri yake idafika kutali.

Fumbi ndiwe mwini

Kukhala ndi zinthu zokongola pakokha sikukwanira. Mayi amene waphika zitumbuwa zokoma nazibisa m'nyumba sangagulitse ngakhale chimodzi. Ayenera kupita nazo pamsika ndi kuitanira anthu. Pamsikapo apezanso anzake ogulitsa zitumbuwa, ndipo aliyense akuti zake ndizo zokoma.

Mayiko nawonso ali pamsika wotere. Tanzania amaitanira alendo kuphiri la Kilimanjaro ndi kunkhalango ya Serengeti. Zambia ndi Zimbabwe amatchuka ndi mathithi a Victoria. South Africa ali ndi nkhalango ya Kruger. Munthu wa ku Germany kapena ku Japan amene wasunga ndalama zoti akapumulire ku Africa ali ndi malo ambiri oti asankhepo. Ngati sadamvepo za Malawi, sangabwere. Paja akuluakulu adati fumbi ndiwe mwini. Tikapanda kudzinenera tokha, palibe wina adzatinenere. Ntchito yodziwitsa anthu za ubwino wa chinthu kuti achifune imatchedwa kutsatsa. Boma limatsatsa dziko kudzera m'nthambi yake yoona zokopa alendo, ndipo limatsata njira zingapo.

Njira yoyamba ndi kupatsa dziko mawu odziwika nawo. Kwa zaka zambiri Malawi wakhala akutchedwa m'Chingerezi kuti "The Warm Heart of Africa". Mawuwa akutanthauza kuti dziko lino ndi mtima wa Africa, ndipo ndi mtima wansangala, wolandira alendo ndi manja awiri. Mawu amenewa amalembedwa m'timabuku, pazikwangwani ndi pamalaya, kuti munthu akangowamva akumbukire Malawi.

Njira yachiwiri ndi kupita kuzionetsero. Chaka chilichonse m'mizinda ya Berlin, London ndi Durban mumachitika zionetsero zikuluzikulu za maulendo. Kumeneko dziko lililonse limakhala ndi malo ake, monga momwe zimakhalira pachionetsero cha zaulimi. Nthumwi za boma ndi eni mahotela a ku Malawi amaonetsa zithunzi ndi kukambirana ndi makampani amene amakonzera anthu maulendo. Kuyambira mu 2017 dziko lathu lidayambanso kuchititsa chionetsero chakechake chotchedwa Takulandirani, kumene makampani akunja amaitanidwa kuti adzadzionere okha.

Njira yachitatu ndi kufalitsa nkhani. Boma ndi makampani amaitana atolankhani ndi ojambula akunja, ndi kuwayendetsa m'malo osangalatsa. Iwo akabwerera kwawo amalemba m'nyuzipepala ndi kuonetsa pawailesi yakanema zimene adaona. Masiku ano zithunzi zimafalanso msanga pa intaneti. Chithunzi cha nkhwazi ikugwira nsomba ku Cape Maclear chingathe kuonedwa ku America tsiku lomwelo. Akazembe athu okhala m'mayiko ena nawonso amathandiza kufalitsa mbiri ya dziko.

Njira yachinayi ndi kulimbikitsa zikondwerero. Chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars, chimene chidayamba mu 2004, chidabweretsa achinyamata ambiri akunja m'mphepete mwa nyanja. Miyambo ya pachaka monga Umthetho ku Hora, Umhlangano ku Ntcheu ndi Mulhako wa Alhomwe ku Chonde imasonkhanitsa khamu la anthu. Ku Mulanje kumachitika mpikisano wothamanga wokwera ndi kutsika phiri.

Ntchito zonsezi zimalira ndalama. Zina zimachokera kuthumba la boma, koma zina zimachokera kwa alendo eni akewo. Munthu akagona pahotela amalipira kamsonkho kapadera ka zokopa alendo. Kwa zaka zambiri kamsonkhoka kakhala K1 pa K100 iliyonse. Motero mlendo wa lero amathandiza kuitana mlendo wa mawa.

Kulambula njira

Munthu ukaitana mlendo umalambula njira yofikira pakhomo pako. Boma nalo lili ndi udindo woonetsetsa kuti alendo afike mosavuta. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lidatsegulidwa mu 1983, ndipo lina lili ku Chileka. Kampani ya Air Malawi, imene idayamba mu 1964, idatsekedwa mu 2013. M'malo mwake boma lidagwirizana ndi kampani ya Ethiopian Airlines kuyambitsa kampani ina, imene ndege zake zidayamba kuuluka mu 2014. Panyanja, sitima ya Ilala idayamba kunyamula anthu mu 1951. Misewu nayo ndi yofunika, pakuti mlendo amene wagwedezeka tsiku lonse mumsewu wa maenje sauza anzake zabwino.

Chinthu china ndi chiphaso cholowera m'dziko, chimene chimatchedwa viza. Chiphasochi chikakhala chodula kapena chovuta kupeza, alendo ena amapita kwina. Mu Febuluwale 2024 boma lidalola anthu a m'mayiko 79 kulowa popanda chiphasochi pofuna kuti alendo achuluke. Koma chiphasochi chimabweretsanso ndalama kuboma, choncho atsogoleri amayenera kuyeza mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake malamulo a ziphaso amasinthidwa nthawi ndi nthawi.

Boma limayang'aniranso malo ogona ndi odyera. Mwini hotela ayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo akuluakulu a boma amayendera malowo kuti aone ngati ndi aukhondo. Mahotela amapatsidwa nyenyezi monga mwa ubwino wake, kuti mlendo adziwiretu chimene akulipirira. Antchito a m'mahotela amaphunzitsidwa kusukulu ya Malawi Institute of Tourism, ndipo ena amaphunzira za ntchitoyi kusukulu yaukachenjede ya Mzuzu.

Chikomekome cha mkuyu

Tsono tafika pa mfundo yaikulu ya phunziro lathu. Kutsatsa ndi lonjezo. Tikalemba m'kabuku kuti kwathu kuli njovu, mlendo ayenera kudzapeza njovu. Akapanda kuzipeza amabwerera wokhumudwa, ndipo amauza anzake kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbiri yoipa yotere imayenda msanga kuposa timabuku tonse ta boma.

Nkhani ya nkhalango ya Majete, m'boma la Chikwawa, ikutiphunzitsa zimenezi. Kale m'nkhalangoyi mudali nyama zambiri. Koma anthu opha nyama mozembera adalowamo ndi mfuti ndi misampha, pofuna nyama ndi minyanga. Zipembere zidatha, mikango idatha, ndipo pofika mu 1992 njovu nazo zidatha. Anthu adayamba kudula mitengo ndi kuotcha makala. Alendo adaleka kupitako, pakuti kudalibe choona. Ngakhale boma likadatsatsa motani, palibe akadapita kukaona tchire lopanda nyama.

Mu 2003 boma lidachita pangano ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Bungweli lidamanga mpanda kuzungulira nkhalango, lidaphunzitsa alonda, ndipo lidayamba kubweretsa nyama kuchokera kwina. Zipembere zidafika mu 2003, njovu mu 2006, ndipo mikango mu 2012. Nyama zonse zimene zidabweretsedwa zidaposa 2,000, ndipo zidaswana. Motero Majete idakhala ndi nyama zisanu zimene alendo amafunitsitsa kuona: njovu, chipembere, njati, mkango ndi kambuku. Alendo adayambanso kufika, ndipo anthu a m'midzi yozungulira adapeza ntchito.

Poona zimenezi, mu 2015 boma lidaperekanso nkhalango za Liwonde ndi Nkhotakota m'manja mwa bungwe lomwelo. Ku Liwonde alonda adazula misampha yawaya zikwizikwi. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidanyamulidwa pamagalimoto akuluakulu kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, kumene njovu zidatsala pang'ono kutha. Nkhani ya ulendo wa njovuzi idalembedwa m'nyuzipepala za m'mayiko ambiri, ndipo anthu amene sankadziwa Malawi adamva dzina lake. Mu 2017 lamulo loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa, kotero kuti wopalamula mlandu waukulu angathe kukhala m'ndende zaka 30.

Apa tikuona kuti kusamala kumayamba, kutsatsa kumatsatira. Dziko limene lasamala zinthu zake limakhala ndi zoona zoti linene.

Si paliponse pamene zinthu zayenda bwino chotere. Paphiri la Mulanje pamamera mkungudza wa mtundu wakewake, umene ndi mtengo wa fuko lathu. Anthu ocheka matabwa mozembera adadula pafupifupi mitengo yonse ikuluikulu, ndipo tsopano pali ntchito yobzala ina. Kunyanja, chambo chachepa chifukwa cha maukonde a timaso ting'onoting'ono amene amakokolola ndi tiana tomwe. M'madoko ena muli mapepala apulasitiki ndi zinyalala. Anthu akamadzithandiza m'madzi amafalitsa likodzo, ndipo alendo amaopa kusambira. Zonsezi zimafafaniza mawu okoma amene boma limalemba m'timabuku.

Walira mvula walira matope

Ntchito yokopa alendo ili ndi zovuta zake, ndipo boma liyenera kuziganizira. Nyama zikachuluka, zina zimatuluka m'nkhalango ndi kukaononga minda. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pambuyo pake anthu okhala m'malire a nkhalangoyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, adadandaula kuti njovu zikuwadyera mbewu, ndipo ena adataya miyoyo. Mlimi amene chimanga chake chadyedwa usiku umodzi sangakondwere ndi njovu, pokhapokha atatetezedwa ndi kuona phindu lake. N'chifukwa chake mipanda yolimba ndi yofunika, ndiponso gawo la ndalama zimene alendo amalipira liyenera kuthandiza midzi yozungulira nkhalango.

M'mphepete mwa nyanja namo mumabuka mikangano pamene mahotela atseka njira zimene asodzi ndi amayi otunga madzi akhala akudzera kuyambira kale. Ana ena amathawa kusukulu kuti azikapempha ndalama kwa alendo. Achinyamata ena amatengera makhalidwe osayenera. Mfundo zabwino za boma ndi zimene zimakondweretsa mlendo popanda kuliritsa mwini mudzi.

Tidziyamba ndife

Ambiri amaganiza kuti kuona malo ndi kwa azungu okha. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mu 2020, pamene matenda a Covid-19 adafala padziko lonse, ndege zidaleka kuuluka ndipo alendo akunja adasowa. Mahotela ambiri adakhala opanda anthu, ndipo antchito ochuluka adaimitsidwa. Apa padaoneka poyera kuti dziko lodalira alendo akunja okha lili pangozi.

Boma limalimbikitsa Amalawi kuyendera dziko lawo ndi mawu akuti "Tidziyamba ndife Amalawi". Polowa m'nkhalango zosungirako nyama, nzika za dziko lino zimalipira ndalama zochepa kuposa alendo akunja. Mwezi wa Seputembala udapatulidwa kuti ukhale wokumbukira zokopa alendo, ndipo pa 27 Seputembala ndi tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira ntchitoyi. Mwana wa ku Nsanje akaona Nyika, ndipo wa ku Chitipa akaona Mulanje, onse awiri amadziwa kukula ndi kukongola kwa dziko lawo. Munthu amasamala chinthu chimene akuchidziwa.

Mbali yanu

Ana inu, musaganize kuti ntchito imeneyi ndi ya nduna ndi eni mahotela okha. Mutu umodzi susenza denga. Mlendo sakumana ndi nduna pamsewu, koma amakumana ndi inu. Akakufunsani njira, mulozereni mwaulemu. Musamuthamangire ndi kumukuwiza kapena kumupempha ndalama. Ngati simumudziwa, musapite naye kulikonse popanda makolo kapena aphunzitsi anu kudziwa. Musataye zinyalala m'madzi, musatenthe tchire, ndipo musalembe mayina anu pamiyala ya zithunzi zakale. Mukaona munthu akutchera misampha m'nkhalango, kauzeni akuluakulu.

Phunzirani mwakhama mbiri ya dera lanu, mayina a mitengo, a mbalame ndi a nsomba, pamodzi ndi zilankhulo. Ena mwa inu mudzakhala operekeza alendo, ena alonda a nyama, ena oyendetsa ndege, ndipo ena mudzaimira dziko lino kuzionetsero za kunja. Pa tsiku limenelo mudzafuna kuti zonse zimene mukunena za Malawi zikhale zoona. Njovu, mkungudza ndi chambo zimene mudzatchule zidzakhalapo pokhapokha zitasamalidwa kuyambira lero.

A. Mawu ofunika kuwadziwa

kutsatsa: kudziwitsa anthu za ubwino wa chinthu kuti achifune

kaundula: buku lolembamo mayina a anthu kapena a zinthu

mtetete: malo aakulu a udzu opanda mitengo yambiri

nthumwi: munthu wotumidwa kukaimira anzake

kazembe: munthu woimira dziko lake m'dziko lina

mozembera: mobisa, mosatsata lamulo

chiboliboli: chinthu chosemedwa chooneka ngati munthu kapena nyama

nzika: munthu amene dzikolo ndi kwawo

B. Mafunso

Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino.

1. Tchulani zifukwa zitatu zimene anthu akunja amabwerera m'dziko muno.
2. Chifukwa chiyani dziko lathu limafuna ndalama zakunja?
3. Kodi kugulitsa fodya kumasiyana bwanji ndi kuonetsa nyanja kwa alendo?
4. Tchulani anthu asanu amene amapindula ndi ndalama ya mlendo wogona pahotela.
5. Kodi mbuna n'chiyani, ndipo zimakhala kuti?
6. Fotokozani njira zinayi zimene boma limatsata potsatsa dziko.
7. N'chifukwa chiyani alendo adaleka kupita ku Majete?
8. Kodi chidachitika n'chiyani ku Majete m'zaka izi: 2003, 2006 ndi 2012?
9. Tchulani zovuta ziwiri zimene anthu okhala pafupi ndi malo okopa alendo amakumana nazo.
10. Kodi dziko lidaphunzirapo chiyani pa zimene zidachitika mu 2020?

C. Miyambi

Fotokozani tanthauzo la mwambi uliwonse, ndipo nenani chifukwa chimene waikidwira m'nkhaniyi.

1. Mlendo ndi mame.
2. Fumbi ndiwe mwini.
3. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.
4. Walira mvula walira matope.
5. Mutu umodzi susenza denga.

D. Galamala

(a) Tsekani mzere kunsi kwa mayina amwinimwini m'ziganizo izi.

1. Sitima ya Ilala imaima pachilumba cha Likoma.
2. Sapitwa ndi nsonga ya phiri la Mulanje.
3. Njovu zidachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu.
4. Mtsinje wa Shire umatuluka m'Nyanja ya Malawi.

(b) Lembani mayina awa mochulukitsa: mlendo, phiri, chipembere, mkango, dengu, bwato, msampha, chionetsero.

(c) Sinthani ziganizo izi kuti zikhale m'nthawi yam'tsogolo.

1. Alendo adafika pabwalo la ndege.
2. Msodzi adagulitsa chambo kuhotela.
3. Alonda adazula misampha yonse.

(d) Perekani mawu otsutsana ndi awa: kukwera, kuchuluka, kutsegula, kuzama, ukhondo, kukondwa.

E. Masamu pang'ono

Ngati msonkho wa zokopa alendo ndi K1 pa K100 iliyonse, kodi mlendo amene walipira K50,000 ya chipinda aperekapo msonkho wa ndalama zingati?

F. Chimangirizo

Sankhani mutu umodzi.

1. Lembani kalata kwa mnzanu wokhala m'dziko lina. Mumuitane kudzaona malo amodzi a m'boma lanu. Mutchule zimene adzaone, njira yofikirako ndi nyengo yabwino yobwerera. Musalembe chinthu chimene mnzanuyo sadzachipeza.
2. Lembani ndime zitatu pa mutu wakuti "Njovu yamoyo iposa yakufa".

G. Zochita

1. Jambulani mapu a Malawi ndipo muikemo nyanja, phiri la Mulanje ndi nkhalango zisanu zosungirako nyama.
2. Funsani agogo anu kapena a mfumu za malo a mbiri yakale a m'dera lanu, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi.
3. M'magulu, konzani chikwangwani chotsatsa malo amenewo. Muikepo chithunzi ndi mawu osapitirira khumi.
4. Chitani mtsutso pa mutu uwu: "Ndalama zimene alendo amalipira pankhalango ziyambe zathandiza midzi yozungulira nkhalangoyo."